Mpunga Umawerenga Usiku

Pali funso limene anthu a kwathu ku Bwanje safunsana kawirikawiri, mwina chifukwa amaliona ngati lachibwana: kodi mbewu imadziwa bwanji kuti nthawi yake yakwana? Mbewu ilibe maso kapena makutu, ndipo ilibe kalendala yopachika pakhoma, komabe siphonya mwezi wake. Mango amachita maluwa m'nyengo yachisanu, mlambe umaphuka dzuwa la Okutobala lili pamutu mvula isanagwe, ndipo mpunga wa Kilombero umamasula cha mu Epulo ngati kuti pali wina amene wauimbira belu. Ine funsoli landisowetsa mtendere kwa zaka zingapo, ndipo chifukwa chake si chidwi chokha ayi. Ndalama imene imandisunga pasukulu pano imachokera m'ndime ya mpunga. Choncho zimene mpungawo umamva ndi zimene sumva zimandikhudza ine monga momwe zimakhudzira amayi anga amene amaulima.

Kwa amene sadafikeko, chigwa cha Bwanje chili kunsi kwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, chakufupi ndi nyanja. Munthu akatsika msewu wa Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti amavula juzi yekha popanda womuuza, chifukwa kutentha kwake n'kosiyana kwambiri ndi kuzizira kwa kumtunda. Kuchokera apo kulowera ku Mua ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, nthaka ndi yathyathyathya ndipo yodzala ndi milambe ndi misangu. Kumeneku n'kumene kuli sikimu yathu ya mpunga ya mahekitala 800, imene idamangidwa ndi thandizo la boma la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. M'dzinja alimi ambiri amawokera Kilombero kapena Faya, mpunga wonunkhira umene ogula amaulimbirana. M'chilimwe, madzi akakhalapo, ena amabzala chimanga ndi nyemba, ena mpunga wocha msanga monga Pusa. Kilombero wa m'chilimwe ndi wosowa, ngakhale kuti ndiye wokwera mtengo. Mwana aliyense wa kwathu amakula akudziwa kuti zinthu zili choncho, koma ndi ochepa amene amauzidwa chifukwa chake.

Chinthu choyamba chimene chidanditsegula maso ndidachiona ndili ku sekondale. Amayi adawokera mbande zawo kumayambiriro kwa Januwale. Mayi wina woyandikana nafe ndime, amene mwamuna wake adamwalira, adachedwa ndi masabata anayi chifukwa ankayamba wagwira ganyu m'ndime za anthu ena kuti ana ake adye. Nzeru ya masamu imati wochedwa masabata anayi akolola mochedwa masabata anayi. Koma pofika mu Epulo mapesi a ndime ziwiri zonsezo adatupa ngati amayi oyembekezera, ndipo ngala zidatuluka mosiyana masiku owerengeka okha. Kusiyana kudali pa msinkhu ndi pa mphukira. Mpunga wa amayi udali wautali, phando lililonse lili ndi ana ambiri, pamene wa mayi uja udali waufupi ndi woonda, ngala zake zazing'onozing'ono. Nditafunsa, amayi adandiyankha akupeta, osandiyang'ana n'komwe: "Mwanawe, Kilombero sadikira mwini wake. Iye amayendera mwezi." Yankho limeneli ndidalisunga ngakhale kuti nthawi imeneyo lidamveka ngati mwambi chabe.

Chaka china bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu adaganiza zoyesa mwayi. Ataona kuti thumba la Kilombero limaposa la Pusa pamsika, adafesa nazale ya Kilombero cha mu Ogasiti kuti adzagulitse nthawi imene anzake alibe. Mpungawo udamera bwino, udabiriwira mpaka odutsa ankaima n'kumausirira. Okutobala adadutsa, Novembala adadutsa, anzake a Pusa adamweta n'kupuntha, koma iye ngala osaziona. Madzi a m'ngalande adachepa mpunga ukadali masamba okhaokha. Ena adati mbewu yake idali yosakanikirana, ena adati adathira feteleza wambiri, ndipo monga mwa masiku onse sipadasowe wonena kuti pali munthu amene adapondamo usiku. Mawu amenewa ndi oopsa m'mudzi chifukwa amatha kulekanitsa abale. Koma mpunga uja sudalodzedwe. Udangochita zimene Kilombero amachita.

Yankho lake lenileni lidapezeka kutali ndi kwathu, ndipo lidayambira pa fodya. M'chaka cha 1920 akatswiri awiri a zaulimi a ku America, Wightman Garner ndi Harry Allard, adafalitsa zimene adapeza pa mtundu wa fodya wotchedwa Maryland Mammoth. Fodyayu ankangotalika m'munda nyengo yonse yotentha osachita maluwa, koma akamuika m'nyumba yagalasi m'nyengo yozizira, masiku atafupika, ankachita maluwa akadali wamfupi. Atayesa kumulowetsa m'chipinda cha mdima masana dzuwa lisanalowe, adaona kuti akhoza kumuchititsa maluwa nthawi iliyonse imene afuna. Mbewu ikutha kuyeza kutalika kwa tsiku. Kenaka mu 1938 Karl Hamner ndi James Bonner adaonetsa kuti chimene mbewu zoterezi zimayeza kwenikweni ndi usiku. Ukayatsa nyale kwa kanthawi kochepa pakati pa usiku wautali, mbewuyo imaona ngati yagona mausiku awiri aafupi, ndipo sichita maluwa. M'tsamba muli tinthu timene kuwala kumatisintha ndipo mdima umatibwezera mwakale pang'onopang'ono, ndipo mogwirizana ndi wotchi ya m'kati mwa mbewuyo tsamba limadziwa ngati mdima wakhalitsa mokwanira.

Munthu angafunse kuti, kodi kuno kwathu masiku amasiyana kutalika? Ambiri timaganiza kuti zimenezi ndi za ku Ulaya. Zoona zake n'zakuti ku Bwanje, kumene kuli pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, tsiku lalitali la mu Disembala limakwana pafupifupi maola 13, pamene lalifupi la mu Juni limangopitirira pang'ono maola 11. Kusiyanaku sikufika ngakhale maola awiri, ndipo ife anthu sitikusamala kwenikweni, koma mpunga umamva ngakhale kusintha kwa theka la ola. Kilombero ndi Faya amadikira kuti usiku utalike kufika pa muyeso wawo, zimene zimachitika dzinja likamapita kumapeto. Apa zonse ziwiri zija zikumveka. Ndime ya amayi ndi ya mayi wamasiye uja zidamva usiku umodzimodzi, choncho zidamasula pamodzi, kungoti wina adapatsa mpunga wake masabata ambiri odzimangira thupi, wina ochepa. Bambo wa mu Ogasiti uja mpunga wake udafika msinkhu womvera usiku pamene usikuwo unkanka nufupika kulowera ku Disembala, ndiye udangokhala chete kudikira uthenga umene sukadafika m'miyezi imeneyo.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti limene limayeza usiku ndi tsamba, koma ngala imapangikira kunsonga, m'kati mwa phesi. Ndiye kuti pali uthenga umene umayenda. Mu 1936 katswiri wa ku Soviet Union, Mikhail Chailakhyan, adanena kuti tsamba limatumiza kanthu kena kunsonga, ndipo adakatcha florigen, kutanthauza chopangitsa maluwa. Dzina lidalipo koma chinthucho palibe adachigwira kwa zaka pafupifupi 70. Mu 2007 gulu la akatswiri a ku Nara m'dziko la Japan, motsogozedwa ndi Ko Shimamoto, lidaonetsa kuti mu mpunga mthengayu ndi puloteni yotchedwa Hd3a, imene imapangidwa m'tsamba n'kuyenda m'mitsempha ya mbewu mpaka kunsonga. Ikafika, nsonga imaleka kutulutsa masamba n'kuyamba kuumba ngala. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira mawu a amayi aja. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Iwo adati Kilombero amayendera mwezi, ndipo akatswiri a ku Japan, dziko lomwe lidatimangira ngalande, adangoonjezera dzina la mthenga amene amakanena kuti mweziwo wakwana.

Nanga bwanji Pusa amamasula m'chilimwe? Mpunga umenewu, umene dzina lake lidachokera ku India kumene udapangidwa, uli m'gulu la mitundu imene akatswiri adaisankha dala kuti isamasamale za usiku. Umangowerenga msinkhu wake ndi kutentha, ndipo masiku ake akakwana umamasula. Kwathu anthu amaseka kuti dzinalo lidaukhala, chifukwa ndi wopusadi, sudziwa mwezi. Koma kupusa kumeneko n'kumene kumatipatsa mpunga kawiri pachaka. Nthabwala yomweyi idachitikanso ku Japan kalekale. Alimi a kumeneko ankaona mbande zina zikutalika mopitirira muyeso, zoonda ndi zachikasu, kenaka n'kugwa osabereka, ndipo matendawa adawatcha bakanae, kutanthauza mbande yopusa. Mu 1926 Eiichi Kurosawa, akugwira ntchito ku Taiwan, adapeza kuti kachirombo ka mtundu wa nkhungu kamene kamagwira mbandezo kamatulutsa madzi amene amazitalikitsa. Mu 1935 Teijiro Yabuta adatcha chinthucho gibberellin. Pambuyo pake zidadziwika kuti mbewu iliyonse imapanga yokha mankhwala amenewa pang'ono kuti italike.

Nkhani ya gibberellin ili ndi mbali imene mlimi wa ku Bwanje amaidziwa ndi msana wake. Kilombero ndi wamtali, ndipo ukamuthira feteleza wambiri kapena kukawomba mphepo ngala zitalemera, amagona pansi m'matope, n'kuyamba kuwola kapena kumera asanamwetedwe. Vuto limeneli lidalipo m'maiko onse olima mpunga. Mu 1966 bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Los Baños m'dziko la Philippines lidatulutsa mtundu wamfupi wotchedwa IR8, umene unkadya feteleza osagwa ndipo sunkasamala za kutalika kwa usiku. Mpunga umenewu udasintha ulimi wa ku Asia. Mu 2002 akatswiri adapeza kuti ufupi wakewo umabwera chifukwa chakuti supanga gibberellin wokwanira m'phesi. Motero mlimi wa kwathu akamasankha pakati pa mpunga wamtali wonunkhira ndi wamfupi wocha msanga, akusankha pakati pa mbewu ziwiri zimene amithenga a m'matupi mwawo amayankhula mosiyana.

Ndikayang'ana bwino ntchito za kumudzi, ndimaona kuti makolo athu akhala akulamulira amithenga amenewa kwa zaka zambiri. Mlimi wa fodya akathena fodya wake, mphukira zimabuka m'mbali mwa tsinde, ndipo amayenera kubwerera kukazichotsa. Chifukwa chake n'chakuti nsonga imatumiza kunsi mankhwala otchedwa auxin amene amagoneka timaso ta m'mbali, ndipo nsonga ikachoka timasoto timadzuka. Agogo anga akafuna kuti nthochi zipse msanga ankazivundika m'dzenje kapena m'mbiya, n'kufukizirapo utsi, nthawi zina n'kuikamo nthochi imodzi yakupsa kale. Chipatso chikamapsa chimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umauza zinzake kuti nazonso zipse, ndipo mpweya womwewo umapezekanso mu utsi. Ngakhale kaufiti, udzu wa maluwa ofiira uja umene umayamwa chimanga, ali ndi nkhani yake. Njere zake zimagona m'nthaka zaka zambiri mpaka zitamva mankhwala otuluka m'mizu ya chimanga kapena mapira. Mankhwala a mtundu umenewu adayamba kupezeka mu 1966 m'mizu ya thonje, mbewu imene imadzutsa njere za kaufiti koma osazipatsa poyamwa, kotero kuti zimafa. Mlimi wa ku Golomoti amene amasinthanitsa chimanga ndi thonje amakhala akunamiza kaufiti, kaya iye akudziwa kaya sakudziwa.

Komabe si bwino kuganiza kuti mbewu zonse zimamvera chinthu chimodzi. Mango amadikira kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuti achite maluwa. Mitengo ya m'mapiri a ku Mua imatulutsa masamba ofiira anthete mu Sepitembala ndi Okutobala, nthaka ili gwa, kusonyeza kuti sidikira mvula kuti idziwe kuti nyengo yasintha. Msangu ndiye wamakani kuposa yonse. Pamene mitengo ina yavala m'dzinja, iwo umavula n'kuima ngati wouma, ndipo umadzavala m'chilimwe anzake ali mbulanda, chifukwa mizu yake imakafika pa madzi a pansi penipeni. Makani amenewa ndiwo phindu lake. Masamba amene wagwetsa amanonetsa nthaka nthawi yobzala, ndipo chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa chifukwa palibe mthunzi wochitchinga. N'chifukwa chake mlimi wanzeru wa kwathu salola nkhwangwa pa msangu wa m'munda mwake.

Monga wophunzira za zinenero, chimene chimandipweteka ndi ichi. Zonse zimene ndalongosolazi ndidaziphunzira m'Chingerezi, ndipo anzanga ambiri adaziloweza kuti akhoze mayeso n'kuziiwala asanafike nazo kumudzi. Mnzanga wina wa sayansi adandiseka nditamuuza kuti ndikulemba nkhaniyi m'Chichewa. Iye adati, "Aise, chinenero chathu chilibe mawu ake. Ndipo usamati mbewu imadziwa kapena imamva, imeneyo ndi ndakatulo." Ine ndimaona mosiyana. Mawu akuluakulu a sayansiwo ukawasenda umapeza kuti m'kati mwake ndi mawu wamba. Liwu limene tidalibwereka kuti homoni lidachokera ku mneni wa Chigiriki wotanthauza kudzutsa kapena kufulumiza, ndipo Ernest Starling adaliyambitsa mu 1905. Auxin adachokera ku mneni wotanthauza kukula. Eni akewo adatenga mawu a tsiku ndi tsiku n'kuwapatsa ntchito yatsopano, ndipo sadachite manyazi.

Ndikaunika Chichewa ndimaona kuti pa nkhani ya mbewu ndi cholemera mu aneni. Tili ndi kumera, kuphukira, kubiriwira, kumasula, kukhwima, kucha, kupsa, kuyoyoka, kufota ndi kunyala. Tili ndi kuthena, kutsina, kuvundika ndi kuwokera. Mneni aliyense mwa amenewa amasunga zimene anthu adaona ndi maso awo kwa mibadwo yambiri. Chimene tikusowa ndi maina a zinthu zosaoneka zimene zimachititsa zooneka, ndipo maina savuta kupanga kapena kubwereka. A zaumoyo adayamba kale kunena kuti mahomoni kapena michere ya m'thupi, ndipo amayi a kusikelo amamva. M'nkhani ino ndagwiritsa ntchito liwu lakuti mthenga, chifukwa m'mudzi aliyense amadziwa kuti mthenga amachoka kwina, kupita kwina, ndipo kumene wafikako zinthu zimasintha. Ngati liwuli silikukwana, aphunzitsi athu ndi a likulu loona za zinenero la Centre for Language Studies, limene lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, angatithandize kupeza labwino. Chimene sindivomereza n'chakuti tikhale chete mpaka liwu langwiro litapezeka.

Nkhaniyi ndi yofulumira chifukwa mvula yasintha koma dzuwa silidasinthe. Makolo athu adasankha Faya ndi mitundu ina yomvera usiku chifukwa inkamasula mvula ikamatha, n'kukhwima padzuwa, mosasamala kuti mlimi adawokera tsiku liti. Nthawi imeneyo kalendala ya mvula ndi ya usiku zinkayendera limodzi. Masiku ano mvula imatha kuchedwa kapena kudukiza, monga zidachitikira m'nyengo ya 2023 mpaka 2024 pamene boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala. Mvula ikachedwa, kuwokera kumachedwa, koma usiku wa mu Malichi umatalika pa nthawi yake yomweyo. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma m'sikimu anthu sayambira limodzi. Wokhala ndi ndalama amalemba aganyu n'kumaliza sabata imodzi, pamene wosauka amawokera ndime yake pomaliza, atatha kuwokera za anzake. Amene amatchedwa waulesi pa nthawi yokolola kawirikawiri amakhala munthu amene adagwira ntchito kuposa onse, kungoti m'ndime za eni.

Mlimi wotereyu akadauzidwa m'chinenero chake kuti Kilombero wowokeredwa mochedwa alibe nthawi yobwezera masiku otayika, akadatha kusankha yekha, mwina kubzala mtundu wosamvera usiku chaka chimene wachedwa, mwina kuwokera mothithikana pang'ono podziwa kuti phando lililonse libereka ana ochepa. Palinso china chimene chikubwera. Magetsi akufalikira m'chigwa chathu, ndipo kuyambira 2022 pa Golomoti pali malo aakulu opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20. Ichi n'chitukuko chimene tonse timachifuna. Koma ku Japan alimi adaona kale kuti mpunga woyandikana ndi nyale za mumsewu umachedwa kumasula, chifukwa usiku wake umadukizidwa. Tsiku limene munthu adzaike babu loyaka usiku wonse pafupi ndi ndime ya Kilombero, ndi bwino pakhale wina wodziwa kufotokoza chimene chachitika, mlandu usanagwere nkhalamba ya m'mudzi.

Pomaliza, ndikupempha anzanga amene tikuphunzira limodzi zinenero ndi zolembalemba kuti tisaone ngati ntchito yathu imathera pa miyambi, nthano ndi malamulo a kalembedwe. Ambiri a ife tidaleredwa ndi khasu, ndipo tili ndi mwayi woyankhula zinenero zonse ziwiri, cha m'buku ndi cha m'munda. Alangizi a zaulimi, owulutsa mawu pawailesi ndi aphunzitsi a kupulayimale akufuna mawu omveka, ndipo wina ayenera kukhala pansi n'kuwakonza pamodzi ndi anzathu a sayansi komanso alimi eni ake. Ine ndayamba ndi kabuku kamene ndikulembamo mawu onse okhudza mpunga amene ndimamva m'sikimu, kuyambira pa nazale mpaka pa chigayo, ndipo pa tchuthi chikubwerachi ndikufuna kukafunsanso alimi a ku Lifuwu ndi ku Domasi kuti ndione ngati amatchula mofanana ndi ife.